Mzinda uti umasula akatswiri a basketball: New York, Los Angeles, Chicago kapena Belgrade?

LeBron James ndi Stephen Curry anabadwira mu mzinda umodzi, Akron, m'chigawo cha Ohio: James mu 1984, Curry mu 1988. Tikanati tiziyang'ana kobadwira kokha, mkanganowu ukanathera pomwepa, chifukwa kamzinda ka anthu osakwana 200,000 kakanatenga amuna awiri amene asintha kaseweredwe ka basketball m'zaka 20 zapitazi. Komatu Curry anachoka ku Akron ali khanda. Anakulira ku Charlotte, kumene bambo ake, Dell Curry, ankasewerera timu ya Hornets, ndipo kuponya kwake konse anakuphunzirira kumeneko. Michael Jordan naye anabadwira ku Brooklyn mu 1963, koma mpira anaudziwira ku Wilmington, ku North Carolina. Carmelo Anthony anachoka ku Brooklyn ali ndi zaka 8 n'kukakulira ku Baltimore.

Mlimi wa fodya amadziwa kuti mbande imafesedwa pa nazale, koma tsamba limakhwimira m'munda momwe anaiokera. Ine ndikuwerengera munda. Wosewera ndi wa mzinda umene anasewerako kuyambira ali mwana wa zaka ngati 10 mpaka pomaliza sekondale, kumene anagwa, kudzuka ndi kugonjetsedwa ndi akuluakulu mpaka atalimba. Ndipo pa mzinda uliwonse ndikufunsa zinthu zitatu: akatswiri ake enieni anafika patali bwanji, kodi osewera abwino amatuluka m'badwo ndi m'badwo kapena anangotulukira kamodzi, ndiponso ngati mzindawo ukusulabe ana lero.

New York: mbiri yolemera, manja opepuka

Aliyense amayambira ku New York, ndipo m'pake. Kareem Abdul-Jabbar, amene panthawiyo ankatchedwa Lew Alcindor, anakulira ku Manhattan n'kuphunzira pa Power Memorial Academy. Anapuma ali ndi mapointi 38,387 mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, chiwerengero chomwe palibe anachipitirira kufikira LeBron mu February 2023, ndipo anatenga mphotho ya MVP, ya wosewera wopambana onse mu sizoni, kasanu ndi kamodzi. Bob Cousy anakulira ku Queens. Brooklyn inatulutsa Lenny Wilkens, Connie Hawkins, Bernard King ndi Chris Mullin. Ku Bronx kunachokera Nate Archibald, amene mu sizoni ya 1972-73 anaposa ligi yonse pa mapointi komanso pa mipira yopatsira anzake kuti agoletse, chinthu chovuta kwambiri kuti munthu mmodzi achite.

Chimene chinasula anthu amenewa ndi mabwalo a m'misewu. Ku Harlem, pa 155th Street, kuli Rucker Park, bwalo lotchedwa dzina la Holcombe Rucker, yemwe anayambitsa mipikisano ya m'chilimwe pofuna kuti ana a m'deralo akhale ndi chochita komanso apitirize sukulu. Pamenepo osewera a NBA ankakumana ndi anyamata a mumsewu ngati Earl Manigault ndi Joe Hammond, amene sanapondeko mu NBA koma mayina awo amatchulidwabe mwaulemu. Mzindawu unadziwika ndi ma point guard, osewera oyendetsa mpira ndi kugawira anzawo: Mark Jackson, Kenny Smith, Kenny Anderson, Stephon Marbury, ndipo chaposachedwa Kemba Walker. Onsewa ankanjanjitsa mpira ngati wamangidwa ku dzanja, osaopa kulowa pakati pa ziphona.

Vuto ndi ili: kuchokera pamene Kareem anatenga MVP yake yomaliza mu 1980 kufika mu 2025, palibe mwana wokulira mkati mwa New York amene watengapo mphothoyi. Zaka 45 n'zambiri kwa mzinda wa anthu oposa 8 miliyoni umene umadzitcha likulu la basketball. Zifukwa zake zikuoneka. Masukulu ena amene ankasula ana anatsekedwa, Power Memorial mu 1984 ndi Rice ya ku Harlem, kumene anaphunzira Kemba, mu 2011. Ana aluso masiku ano amatengedwa akadali aang'ono kupita ku masukulu ogonera komweko ku New Jersey, ku Connecticut kapena ku Florida. Komanso masewero anasintha. Bwalo la panja, la mphepo ndi ringi yolimba, limaphunzitsa mwana kudyetsa njomba ndi kuthamangira pansi pa ringi, pomwe NBA ya lero ikufuna munthu wamtali woponya kuchokera kutali. Mukafuna mbiri, New York ilibe mnzake. Mukafuna za lero, ikukhalira kudya nkhokwe ya makolo.

Los Angeles

Mzinda umene ine ndikuupatsa malo oyamba ndi uwu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mosabisa.

Taonani m'badwo umodzi wokha, wa ana obadwa pakati pa 1988 ndi 1991. Russell Westbrook, wa pa Leuzinger High ku Lawndale, anatenga MVP mu 2017. James Harden, wa pa Artesia High ku Lakewood, anaitenga chaka chotsatira. Kawhi Leonard, amene anamalizira sekondale ku Riverside, anasankhidwa wosewera wopambana mu fainolo kawiri ndi matimu awiri osiyana, San Antonio mu 2014 ndi Toronto mu 2019. Klay Thompson anagoletsa mapointi 37 m'kota imodzi mu January 2015 ndipo ali ndi zikho zinayi. DeMar DeRozan ndi wa ku Compton, Paul George wa ku Palmdale, ndipo Jrue Holiday anapambana ukatswiri ndi Milwaukee mu 2021 n'kubwerezanso ndi Boston mu 2024. Anthu asanu ndi awiri, amsinkhu umodzi, ochokera m'dera limodzi. Kumbuyo kwawo kuli Paul Pierce wa ku Inglewood, Reggie Miller wa ku Riverside, Dennis Johnson wa ku Compton, Baron Davis ndi Gail Goodrich.

Ndiye tisaiwale amayi, chifukwa mikangano yambiri ya nkhaniyi imawadumpha ngati kulibe. Cheryl Miller, mlongo wake wa Reggie, anagoletsapo mapointi 105 m'masewero amodzi a ku sekondale. Lisa Leslie, wa pa Morningside High ku Inglewood, ndiye anayamba kumenya danki mu WNBA, ligi ya amayi ya ku America, mu 2002. Diana Taurasi wa ku Chino anapuma ali wogoletsa mapointi ochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo. Mukaphatikiza mayina amenewa, kusiyana kwa Los Angeles ndi mizinda inzake kumakula.

N'chifukwa chiyani kumeneko? Nyengo imathandiza: kulibe chipale chofewa, mwana amasewera kuyambira January mpaka December. Masukulu a sekondale ndi ochuluka ndipo ambiri ali ndi holo yawoyawo yosewereramo. Yunivesite ya UCLA, imene inatenga zikho 10 za makoleji pakati pa 1964 ndi 1975 ili m'manja mwa mphunzitsi John Wooden, inadzala mwambo umene ana amaupeza pobadwa. Koma chimene chimandikopa kwambiri ndi Drew League, mpikisano wa m'chilimwe umene unayamba mu 1973 ku South Central. Osewera a NBA amabwerera kwawo patchuthi n'kusewera m'holo yaing'ono pamodzi ndi anyamata a ku koleji ndi a m'dera. Mu 2011, pamene ligi inaima chifukwa cha mkangano wa malipiro, Kobe Bryant ndi Kevin Durant anaseweramo, ndipo Harden ndi DeRozan akhala akubwererako chaka ndi chaka. Mwana wa zaka 15 akaona katswiri ali thukuta kamukamu pamaso pake, osati pa kanema, amayamba kukhulupirira kuti njira ilipo ndipo imadutsa pakhomo pawo.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zomveka. Yoyamba: tikamati Los Angeles tikuphatikiza dera lalikulu zedi. Riverside ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera pakati pa mzinda, ndipo Palmdale ndi kuseri kwa mapiri. Tikanachitira New York chimodzimodzi, ikanatenga Julius Erving ndi Sue Bird a ku Long Island, komanso Kyrie Irving ndi Karl-Anthony Towns a ku New Jersey. Yachiwiri: pa mayina onse aamuna a ku Los Angeles, palibe amene anthu amamuika pagulu la Kareem, Wilt Chamberlain kapena Bill Russell. Zonsezi n'zoona. Koma ngakhale New York mutaipatsa madera ake onse ozungulira, osewera ake a zaka 20 zapitazi sangafike pa m'badwo wa Harden ndi Kawhi.

Chicago

Chicago ndi yaing'ono poyerekeza ndi iwiri ija, koma imabala anthu olimba mtima modabwitsa. Isiah Thomas anakulira ku West Side mu umphawi wadzaoneni, n'kudzatsogolera Detroit kutenga zikho mu 1989 ndi 1990. Tim Hardaway, Maurice Cheeks ndi Mark Aguirre ndi a komweko. Dwyane Wade ali ndi zikho zitatu. Derrick Rose, wa ku Englewood, anatenga MVP mu 2011 ali ndi zaka 22, wamng'ono kuposa onse amene anaitengapo, bondo lisanamugwetse chaka chotsatira. Anthony Davis ankasewera ngati guard pasukulu yaing'ono yosatchuka, kenako anatalika modzidzimutsa, ndipo mu 2012 anakhala woyamba kusankhidwa pa draft, mwambo umene matimu a NBA amasankhirapo osewera atsopano. Ngakhale timu ya Harlem Globetrotters, dzina lili la ku New York, inayambira ku Chicago m'zaka za m'ma 1920.

Nkhani ya Chicago siingakambidwe popanda chisoni. Ben Wilson wa pa sekondale ya Simeon ankaonedwa ngati wosewera wa sekondale woposa onse mu America pamene anaomberedwa n'kumwalira mu 1984, ali ndi zaka 17. Kwa zaka zambiri wosewera wodalirika pa Simeon ankavala nambala yake, 25, pomukumbukira, ndipo Rose anaivala. Mzinda womwewo umene umalimbitsa ana umawadyanso. Kwa ine Chicago ndi yachiwiri pa mizinda imene ikugwirabe ntchito, chifukwa kuyambira m'ma 1970 m'badwo uliwonse wakhala ndi katswiri wakewake weniweni.

Philadelphia ili ndi mayina awiri okwanira kutseka pakamwa pa munthu: Wilt Chamberlain wa pa Overbrook High, amene anagoletsa mapointi 100 pa 2 March 1962, ndi Kobe Bryant. Koma Kobe anakhala ku Italy kuyambira ali ndi zaka 6 mpaka 13, ndiye Afiladefiya ayenera kugawana naye ndi Ataliyana. Earl Monroe, Rasheed Wallace, Kyle Lowry ndi Dawn Staley ndi awoawo osagawana ndi wina.

Tikawerengera kukula kwa malo

Si chilungamo kuyerekeza mzinda wa anthu mamiliyoni ambiri ndi wa anthu 400,000 ngati kuti n'zofanana. Tikatengera chiwerengero cha anthu, mayina ena amatulukira.

Oakland ili ndi anthu osakwana theka la miliyoni, koma Bill Russell, wa zikho 11, anakulira kumeneko banja lawo litasamuka ku Louisiana. Gary Payton, Jason Kidd ndi Damian Lillard, ma point guard atatu a mibadwo itatu, onse ndi ana a Oakland. Seattle inalandidwa timu yake ya SuperSonics mu 2008, koma sinaleke kubala: Jamal Crawford, Brandon Roy, Zach LaVine, Dejounte Murray, ndi Paolo Banchero amene anasankhidwa koyamba pa draft ya 2022. Crawford amayendetsa mpikisano wa m'chilimwe wofanana ndi Drew League, ndipo ana a kumeneko amamutchula ngati mkulu wawo.

Koma dera limene limandichititsa kaso kwambiri ndi Washington DC pamodzi ndi Prince George's County, boma loyandikana nalo la anthu osakwana 1 miliyoni. Muzu wake ndi wakuya. Edwin Bancroft Henderson, mphunzitsi wakuda, anaphunzira basketball ku Harvard mu 1904 n'kubwera nayo m'masukulu a anthu akuda a ku Washington, panthawi imene tsankho linkawaletsa kusewera ndi azungu. M'dothi limenelo munadzatuluka Elgin Baylor, Dave Bing ndi Adrian Dantley. Morgan Wootten anaphunzitsa pa DeMatha High kuyambira 1956 mpaka 2002, n'kupambana masewero oposa 1,200, ndipo ndi timu yake imene inagonjetsa Power Memorial ya Alcindor mu 1965, Power Memorial itapambana kale masewero 71 motsatizana. Len Bias, amene anamwalira mu 1986 patangopita masiku awiri chisankhidwireni ndi Boston, anali wa komweko. Kevin Durant anakulira m'holo ya boma ya ku Seat Pleasant, ndipo nambala 35 imene anaivala zaka zambiri ndi yokumbukira mphunzitsi wake wapaubwana amene anaphedwa ali ndi zaka 35. Victor Oladipo ndi Markelle Fultz anadutsa pa DeMatha. Apa chinsinsi chake si kuchuluka kwa anthu. Ndi maholo a m'madera amene amakhala otsegula, aphunzitsi amene amakhala pamalo amodzi zaka zambiri, ndi makolo amene nawonso anasewerapo. Munthu akandifunsa malo amene amabala kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, ndimatchula pamenepa.

Kunja kwa America

Kuyambira 2019 mpaka 2025, MVP wa NBA aliyense anabadwira kunja kwa United States: Giannis Antetokounmpo kawiri, Nikola Jokić katatu, Joel Embiid, ndi Shai Gilgeous-Alexander. Choncho kuyerekeza kulikonse kongothera pa mizinda ya ku America n'kotsalira m'mbuyo.

Belgrade njira yake ndi ina. Ku America mwana amakulira m'timu ya sukulu. Ku Serbia amalowa kalabu ali wamng'ono, amaphunzira kaimidwe ka mapazi, kupatsira ndi kuwerenga masewero kwa zaka, ndipo pofika zaka 17 amakhala akulimbana kale ndi madoda a ndevu amene amadyera mpira womwewo. Makalabu a Partizan ndi Crvena zvezda ndi adani a mu mzinda umodzi, ndipo Partizan inatenga chikho cha makalabu a ku Ulaya mu 1992, mphunzitsi wake ali Željko Obradović. Yugoslavia inapambana chikho cha dziko lonse kasanu, komaliza mu 2002 pa dothi la America ku Indianapolis, itagwetsa eni nyumba mu kotafainolo. Jokić anabadwira ku Sombor, koma anapsera ku Mega, kalabu ya ku Belgrade imene ntchito yake yeniyeni ndi kusula ana n'kuwagulitsa. Pa draft ya 2014 anasankhidwa pa nambala 41, ndipo mu 2023 anapatsa Denver chikho chake choyamba. Vlade Divac naye anachokera ku Prijepolje n'kudzatchukira ku Partizan. Belgrade imalandira ana a dera lonse n'kuwamaliza, ndipo pa luso lophunzitsa sindikuona mzinda woiposa. Pamene imaperewera ndi pa kuchuluka: dziko la Serbia lonse lili ndi anthu ochepa kuposa New York.

M'dera lomwelo muli Split, kwawo kwa Toni Kukoč ndi Dino Rađa, kumene kalabu ya Jugoplastika inatenga chikho cha ku Ulaya katatu motsatizana kuyambira 1989 mpaka 1991, ndi Ljubljana ya Goran Dragić ndi Luka Dončić, ngakhale Dončić anapita ku Real Madrid ali ndi zaka 13. Ku Lithuania, Kaunas, mzinda wa anthu pafupifupi 300,000, inabala Arvydas Sabonis, Šarūnas Marčiulionis ndi Žydrūnas Ilgauskas.

Mizinda imene ikukwera mwachangu ndi iwiri. Paris ili ndi INSEP, sukulu ya boma ya zamasewero kumene anadutsa Tony Parker ndi Boris Diaw, komanso makalabu a m'madera ozungulira monga Nanterre, imene inalera Victor Wembanyama, wotalika kupitirira mamita 2.2, woyamba pa draft ya 2023. Toronto inadzuka itapatsidwa timu ya Raptors mu 1995 ndi kuona madanki a Vince Carter. Ana a mabanja ochokera ku Caribbean ndi ku Africa anakonda mpirawu kuposa hockey, ndipo Anthony Bennett ndi Andrew Wiggins anasankhidwa koyamba pa draft zaka ziwiri motsatizana, 2013 ndi 2014. Gilgeous-Alexander anabadwira ku Toronto n'kukulira ku Hamilton, mzinda wapafupi. Chofooka cha Toronto n'chakuti ambiri mwa ana akewa anakamalizira sekondale ku America. Jamal Murray ndi mmodzi mwa ochepa amene anatsala kwawo mpaka kupita ku koleji.

Nanga mu Africa?

Apa muyeso wanga uja umapweteka, koma sindiusintha. Hakeem Olajuwon anabadwira ku Lagos, kumene ankasewera mpira wa miyendo ngati goloboyi, ndipo basketball anaiyamba ali kale mnyamata wamkulu. Amene anamusula ndi University of Houston. Dikembe Mutombo anachoka ku Kinshasa mu 1987 kupita ku yunivesite ya Georgetown ndi cholinga chodzakhala dokotala. Embiid wa ku Yaoundé anayamba mpirawu ali ndi zaka 15, anaonedwa pa kampu ya Luc Mbah a Moute, ndipo pasanapite nthawi anali ku Florida. Pascal Siakam wa ku Douala anadutsa njira yofananayo. Giannis, mwana wa makolo a ku Nigeria, anasulidwira ku Sepolia, dera la anthu osauka mu Athens. Mizinda yathu imabala ziphona, koma kwa nthawi yaitali yakhala ilibe holo, aphunzitsi ndi ligi zoti ziwasunge.

Luanda ndi yosiyana. Kumeneko makalabu a Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto akhala akulera osewera awoawo kwa zaka zambiri, ndipo Angola inatenga chikho cha mayiko a mu Africa, AfroBasket, maulendo 11 pakati pa 1989 ndi 2013, n'kudzachitenganso mu 2025 pakhomo pake. Petro inapambana Basketball Africa League (BAL) mu 2024. Komabe Mwangola woyamba kulowa mu NBA, Bruno Fernando, anatero mu 2019, ndipo naye anadzera ku masukulu a ku America. Luanda imasula matimu, pomwe Lagos ndi Yaoundé zimatumiza anthu. Maputo, kwa anansi athu, yakhala yamphamvu ku mbali ya amayi, ndipo Clarisse Machanguana anafika mpaka mu WNBA. Kwathu kuno Bravehearts ya ku Lilongwe yayesetsa kufika m'mipikisano yodzigulira malo mu BAL, ligi imene inayamba mu 2021 ku Kigali.

Malo oyenera kuwayang'anitsitsa ndi Saly, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Senegal, kumene kuli NBA Academy Africa imene inatsegulidwa mu 2017. Ana ochokera m'mayiko osiyanasiyana amagona, kuphunzira ndi kusewera pamalo amodzi, ndipo ena amalowetsedwa m'matimu a BAL kuti alimbane ndi akuluakulu, monga amachitira ku Belgrade. Mu 2024 Ulrich Chomche wa ku Cameroon anakhala woyamba kusankhidwa pa draft kuchokera pasukuluyi mwachindunji, osadzera ku koleji ya ku America. Chaka chotsatira Khaman Maluach wa ku South Sudan, amene anakulira ku Uganda n'kusulidwira ku Saly, anasankhidwa pa nambala 10 atangosewera chaka chimodzi ku yunivesite ya Duke.